Mota ya chigayo yapsa kawiri, akuti ndigule VSD. Ndigule kapena ndingotaya ndalama?

WaChigayoKuDedza:

Moni nonse muno. Ndine wachigayo, ndili pa kamsika kena kuno ku Dedza, cha kumapiri. Amisiri a zamagetsi ndithandizeni nzeru, mutu waima.

Chigayo changa ndi cha mahamala. Chimayenda ndi mota ya three phase (ya magetsi a mawaya atatu) ya 30 kW, ija ena amati 40 horse. Pa kachitsulo kake analembapo 400 V, 55 A ndi 1470 rpm. Timailiza ndi star-delta, kabati ija yodzutsa mota m'magawo awiri, poyamba mofooka pa star kenako ndi mphamvu yonse pa delta. Mota imeneyi yapsa kawiri chisanathe chaka ndi theka. Ulendo woyamba ndinakalipira anyamata kuti mwina ankathira chimanga mosaona nkhope. Ulendo wachiwiri ndinalipo ndekha. Linali Loweruka cha m'ma 6 madzulo, amayi ali pamzere ndi ndowa zawo, ena atakonoletsa kale akungodikira kugayitsa. Ndinayamba kumva kafungo ngati ka jumbo yopsa, kulira kwa mota kunasintha n'kukhala kolemera, ndisanafike pa switch basi zii. Kukweza motayo pa lole, kupita nayo ku Lilongwe, milungu iwiri chitseko chili chotseka. Makasitomala anga onse anazolowera chigayo cha kutsidya, ena mpaka lero sanabwerere.

Vuto lina ndi anansi. Tikangoliza chigayo, mababu a pamsika ponse amaphethira. Wometa amati makina ake amafooka ali pakati pa mutu wa munthu. Mnyamata wa vidiyo anabwera kudzandilalatira kuti TV yake imazima mpira uli mkati. Tonse tili pa thiransifoma imodzi, kuphatikizapo wowotcherera mawindo ndi zitseko.

Tsono m'tauni ndinakumana ndi wogulitsa zipangizo wina. Iye akuti ndigule VSD, kabokosi kosinthira liwiro la mota, mavuto onsewa atha. Akuti mota izidzuka pang'onopang'ono, siidzapsanso, ndipo ndikatsitsa liwiro mayunitsi atsika ndi theka. Mtengo wake ndi wosasiyana kwenikweni ndi mota yatsopano. Pakamwa pake m'pokoma, koma wogulitsa nsomba sanena kuti zaola.

Ndilinso ndi pampu ya 7.5 kW kudimba, yothirira kachewere ndi kabichi. Imeneyo imakankha madzi mopitirira, moti timatseka valavu mpaka theka kuopa kuphulitsa mapaipi. Ya pampuyi sindinamufunse, ndangoitchula kuti mudziwe zonse zimene ndili nazo.

Ndigule?

MmisiriWaKuJoni:

Bambo, pepani ndi zimene zakuonekeranizo. Ine ndili ku Johannesburg, ntchito yanga ndi yomanga ndi kukonza ma VSD omwewa m'mafakitale, ena amawatcha VFD, ena amangoti drive. Ndalamayo muyambe mwaisunga kaye m'thumba.

Ndiyambe ndi chimene kabokosiko kamachita. Liwiro la mota yanu silichokera kwa inu, limachokera ku magetsi. Magetsi athu amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi, ndiyo 50 Hz ija. Mota ya ma pole anayi pa 50 Hz imayenera kuzungulira ka 1500 pa mphindi, ikasenza katundu imatsalira pang'ono, n'chifukwa chake mwaona 1470. VSD imatenga magetsi a pa pholo n'kuwasandutsa DC, magetsi oyenda mbali imodzi ngati a batire, pafupifupi 560 V, n'kuwasunga m'ma capacitor. Kenako timaswichi ta mkati totchedwa IGBT timawaduladula ka masauzande angapo pa sekondi kuti tipange three phase yatsopano ya ma Hz amene inu mwafuna. Mukati 40 Hz, mota ija imatsikira cha m'ma 1170. Mukati iyambire pa ziro n'kumakwera kwa masekondi 30, imatero. Pamenepo wogulitsayo sananame. Mota yolizidwa mwachindunji imakoka ma amp kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri kuposa a pa kachitsulo, star-delta imatsitsa kufika pa gawo limodzi mwa atatu a zimenezo, pomwe VSD imadzutsa mota ndi ma amp osatalikira kwenikweni 55 yanuyo.

Bodza lili pa mayunitsi. Nkhani ya theka ija ndi yoona pa pampu ndi pa feni, osati pa chigayo. Hamala imaphwanya chimanga chifukwa cha liwiro, n'chifukwa chake pule ya pa mota ndi yaikulu kuposa ya pa chigayo, kuti shafti ithamange kuposa mota. Mukatsitsa liwiro, chimanga chizingovina m'kati, ufa uzichedwa kudutsa pa sefa, feni yokankha ufa ifooka, chigayo chizitsamwa. Ndowa yomwe inkatha mphindi zitatu izitha zisanu. Mita izioneka ngati ikuyenda pang'onopang'ono koma pa ndowa iliyonse simunapulumutse kanthu. Komanso feni yoziziritsa mota ili pa shafti yomweyo. Mota ikamayenda pang'ono, mphepo imachepa, katundu ali yemweyo. Chigayo chimafuna liwiro limodzi tsiku lonse, ndiye mugula chosinthira liwiro cha mtengo wa mota kuti muzichisiya pa 50 Hz?

China chimene ogulitsa satchula: VSD nayo imadetsa magetsi. Simakoka mosalala ayi, imachita kumwa modukiza, pa nsonga pokha. Kumwa kotereku kumabweretsa zimene timati ma harmonic, makamaka wachisanu ndi wachisanu ndi chiwiri, kutanthauza 250 Hz ndi 350 Hz, zoyenda m'mawaya omwewo amene akupita kwa wometa ndi wa vidiyo. Zimatenthetsa thiransifoma. Pa thiransifoma yaing'ono ya pamsika, drive ya 30 kW yopanda choke, koyilo yosalaza kakokedwe ka magetsi, ndi mlendo wovuta. Imafuna line reactor, imene ndi choke ya pa mawaya olowetsa magetsi, ija ya 3%, kapena ikhale ndi DC choke m'kati. Mukafunsa wogulitsa za reactor iye n'kuyamba kukanda m'mutu, dziwani kuti amangogulitsa makatoni.

Ine ndikukayikira wowotcherera uja pamodzi ndi nyumba zonse za pamsikapo. Iwo ali pa single phase. Ngati ambiri anawalumikiza pa waya umodzi, madzulo aliyense akayatsa zake waya umenewo umatsika kusiya anzake awiri. Mota ya three phase imadana nazo koopsa zimenezi. Mwati inapsa cha m'ma 6 madzulo, si choncho? Pezani wa magetsi wodziwa ntchito, ayeze ma volt pakati pa mawaya atatuwo awiriawiri, m'mawa ndi madzulo, chigayo chikugaya. Ayezenso ma amp pa waya uliwonse ndi clamp meter. Mubwere nazo nambalazo muno.

MayiWaKuNchalo:

Achimwene a ku Dedza, mverani a ku Joniwo. Ine ndinagula, ndiye ndikuuzeni za m'thumba mwanga.

Changa ndi cha 22 kW. Drive anandimangira pakhoma m'chipinda chogayiramo momwemo, poyera, yopanda bokosi. Mwezi woyamba ndinkachita kuitana anthu kuti adzaone. Chigayo chinkadzuka ngati ndege, kuyambira pansi mpaka kufika pake, malamba osalira, mababu osaphethira. Zimenezo sindingazikane.

Koma m'chigayo mumadziwa mmene mumakhalira. Ife timatuluka tili mbuu ngati zinyau, nanga kabokosi kokhala ndi feni yokoka mphepo kangatani? Kankameza ufa tsiku lonse. Kufika Okutobala, kutentha kwa kuno ku Chigwa cha Shire mukukudziwa, kanayamba kuzima kokha masana, pagalasi n'kulemba kuti katenthedwa. Anyamata ankangokazimitsa, kudikira pang'ono, kuyatsanso. Mvula yoyamba itagwa, chinyezi chinalowa mu ufa uja n'kukhala ngati phala. Tsiku lina m'mawa kanangoti phuu! Titatsegula tinapeza zipsepse zake zoziziritsira zitamatidwa ngati khoma lozira.

Pambuyo pake m'pamene wina anandifotokozera kuti yanga inali IP20, yoyenera kukhala m'kabati yoyera, ndipo ya malo afumbi imayenera kukhala IP54 kapena IP55, apo ayi muimangire kachipinda kakekake kopita mphepo. Anatinso zambiri zimapangidwa kuti zigwire ntchito yonse mpaka 40 °C, kupitirira apo mphamvu yake imatsika. Kuno 40 timaidutsa tikumwa tiyi.

Chinanso, tikazimitsa chigayo inkakonda kulemba overvoltage. Chinali chakuti anaitchera kuti iziimitsa mota msanga, pomwe mahamala ndi olemera, amafuna kuima okha. Mota imasanduka jenereta n'kumabweza magetsi m'kabokosi. Zinatheka atasintha kuti izingosiya chigayo chiziima pachokha.

Za mayunitsi musandifunse. Ndinkalemba m'kope tsiku ndi tsiku, ndowa zingati, mayunitsi angati. Sindinaone kusiyana koti n'kugulira ndiwo. Pano ndinabwerera ku star-delta yanga yakale.

WowayindaMota:

Akuluakulu, ine za ma drive ndisiyira eni ake. Yanga ndi kumanganso mawaya a mota zopsa, zaka zambiri ndithu, ndipo mota za zigayo ndi zimene zimandidyetsa. Bambo a ku Dedza, amene anakukonzerani anakuonetsani m'kati asanadule mawaya akalewo? Mota yopsa imanena yokha chimene chaipha.

Makoyilo onse akada mofanana kuzungulira, imeneyo yafa ndi katundu, kapena mphepo siinkadutsa chifukwa cha gaga wodzaza pa chivindikiro cha feni. Koma mukaona ena ali bii, ena ali owala ngati atsopano, motsatana bwinobwino, dziwani kuti nkhani ndi ya phase. Mota yoyenda pa delta waya umodzi ukathawa, gawo limodzi mwa atatu ndi limene limapsa. Ya pa star amapsa magawo awiri. Pakangopsa malo amodzi ngati pabooledwa ndi msomali wamoto, kawirikawiri ndi mphenzi kapena vanishi wotha.

Tsono funso langa lenileni ndi ili. Overload yanu, kachipangizo kozimitsa mota ikakoka ma amp ochuluka, inatcheredwa pa nambala yanji? Pa star-delta zambiri, overload imakhala pansi pa contactor yaikulu, switch ija yolumikiza mota ku magetsi, pa mawaya opita ku makoyilo. Pamenepo sipadutsa 55 A yonse ayi, pamadutsa 0.58 ya imeneyo. Mota ya 55 A ndiye kuti overload ikhale cha pa 32. Ambiri amawerenga kachitsulo n'kutchera pa 55, kumaganiza kuti achita bwino. Overload yotero ili ngati mlonda wogona, mota imapsa iye ali pompo. Ndipo anyamata a m'zigayo ndimawadziwa. Ikamagwagwa pamene mzere uli wautali, amatenga sikuludiraiva n'kupotoza mpaka kumapeto, ena amalowetsapo kamtengo ka machesi.

Onaninso timer, imene imasamutsa mota kuchoka pa star kupita pa delta. Mahamala amachedwa kutola liwiro. Timer ikalumphira ku delta mota isanafike pafupi ndi liwiro lake, imakoka ngati mwailiza mwachindunji, ndipo kuphethira kumene anansi akudandaula n'kutheka kukuchitika pa kulumpha kumeneko. Imani pafupi mumvetsere: ikamalumpha pamamveka kugunda kwamphamvu, mota n'kubuula? Ndipo muzionetsetsa kuti m'chigayo mulibe chimanga poliza. Madzulo anyamata amathamangira kuweruka n'kusiya zotsalira m'kati, m'mawa mota n'kudzuka ndi mtolo kumutu.

Kutentha kukakwera ndi 10 °C pamwamba pa mlingo wake, moyo wa vanishi umadulidwa pakati. Mota siifa tsiku limene yatulutsa utsi, imakhala ikufa miyezi yonse ya m'mbuyo.

WaChigayoKuDedza:

Zikomo nonse, mwandigwira mkono. Mayi a ku Nchalo, nkhani yanu ndawerengera mayi a kunyumba, akuti ndalamayo ndisaiyandikire.

Ndinaitana wa magetsi dzulo, tinakhala naye tsiku lonse. M'mawa cha m'ma 9 anapeza 402, 399 ndi 397. Cha m'ma 6 madzulo, wowotcherera ali pa ntchito, malo ogulitsira mowa atayatsa mafiriji ndi zoimbira, anapeza 398, 391 ndi 372. Ma amp madzulowo anali 61, 57 ndi 44.

Za overload ndachita manyazi. Ili pomwe mwanenapo, pansi pa contactor, ndipo tinaipeza pa 60. Nditapanikiza anyamata, mmodzi anaulula kuti inkagwa kwambiri madzulo chaka chatha ndiye "anaikonza". Yomwe ilipoyi singatsike n'komwe kufika pa 32, ndi ya saizi ina, moti kuyambira kale sinali yoyenera. Timer inali pa masekondi 4. Taikweza pang'onopang'ono tikumvetsera, pa 12 m'pamene yalumpha mofatsa. Wometa wati lero makina ake angonjenjemera pang'ono.

Ndaimbira amene anakonza mota uja. Akuti akukumbukira, makoyilo ena anali akuda ena oyera, koma sindinafunse ndiye sananene.

Tsono a ku Joni, nambalazi zikuti chiyani? Nanga pampu ija?

MmisiriWaKuJoni:

Ndi zimenezotu, bambo. Tiyeni tiwerengere limodzi. 398, 391 ndi 372 mukaphatikiza n'kugawa patatu mupeza 387. Yotalikira kwambiri ndi 372, yasiyana ndi 15. Tsono 15 pa 387 ndi pafupifupi 4%. Pomva ngati kanthu kochepa, koma malamulo a opanga mota amati kusiyana kukapitirira 1% muyambe kuichepetsera katundu, ndipo pa 5% musailize n'komwe. Pa 4% koyilo yozunzika kwambiri imatentha mowonjezera pafupifupi 30%. Onjezanipo overload ya pa 60. Mota yanu ndi yolimba, ikanatha kupsa kanayi.

VSD pa magetsi oterewa siikanakupulumutsani. Mota ikanalandira zofanana, inde, koma nkhonya zonse zikanagwera ma diode ndi ma capacitor a drive. Mukanangosamutsa maliro kuchoka pa chinthu chimene a WowayindaMota angachikonze kupita pa chinthu chimene chikapsa mumangotaya.

Za chigayo chitani izi. Gulani overload yofika pa 32. Muikenso phase failure relay yoona zonse, waya kuthawa, kusiyana kwa ma volt ndi kutsika kwake. Ndi kanthu kangati bokosi la machesi awiri, mtengo wake sufika ngakhale pa mtengo wa lole ija munakwezapo mota. Kabatiyo muikhome loko, kiyi azikhala m'thumba mwanu. Dziwiranitu kuti madzulo izigwa, ndipo ikagwa ndiye kuti ikugwira ntchito. Lembani kalata kwa eni thiransifoma, muikemo nambala mwayezazi ndi nthawi yake, mupemphe kuti agawe nyumbazo mofanana pa mawaya atatu. Anansi asayine nawo, phindu ndi lawonso. Podikira, uzani makasitomala kuti kugayitsa kwabwino ndi kwa m'mawa. Kuphethira kukapitirirabe, chotsatira ndi soft starter, osati VSD. Imadzutsa mota mofatsa, ikafika pa liwiro imadzipatula, siidetsa magetsi tsiku lonse, ndipo ndi yotsikirapo mtengo.

Pampu ndiye nkhani ina, pamenepo maso anga ayera. Kutseka valavu theka kuli ngati kupalasa njinga mwamphamvu mutagwira buleki. Pa pampu ya centrifugal, ija yokankha madzi ndi mapiko ozungulira, mukatsitsa kuchoka pa 50 kufika pa 40 Hz, madzi amatsika kufika pa 80%, mphamvu yokankha kufika pa 64%, koma magetsi amatsika kufika cha pa 51%. Theka lija wogulitsa ankanena lili kudimba, iye analiika pa chigayo. Chenjezo lake ndi 64% imeneyo. Ngati madzi akukwera chitunda chachitali, mukatsitsa kwambiri pampu izingozungulira madzi osafika kumtunda, n'kumatentha. Ndiye tsegulani valavu yonse, muzitsitsa ma Hz pang'onopang'ono mpaka mupeze pamene mzere wakumtunda kwenikweni ukulandirabe madzi, ndipo mutchere kuti isamatsike kupitirira pamenepo. Ngati dimba lili pafupi ndi mtsinje, posakwera kwambiri, mudzaona kusintha pa mita mwezi woyamba womwe. Mapaipi nawo adzapuma, chifukwa madzi sadzabweranso ndi chibakera poyatsa.

Pogula muyang'ane ma amp, osati ma kW okha. Mota ya 7.5 kW imakoka cha m'ma 15 A. Kwanuko n'kokwera, boma la Dedza lili pamtunda wa mamita oposa 1,500, ndipo ma drive ambiri amayamba kuchepa mphamvu mukadutsa mamita 1,000, pafupifupi 1% pa mamita 100 alionse, chifukwa mphepo yopepuka siziziritsa bwino. Tengani yokulirapo saizi imodzi. Reactor musaiwale, surge arrester musaiwale, mphenzi za Disembala sizisankha. Waya wa earth ukhale weniweni, osati kachitsulo kongobaya pa dothi louma.

Wa magetsi wanuyo mumuuze zinthu zitatu izi, ngakhale akhumudwe. Pakati pa drive ndi mota pasakhale capacitor iliyonse, ndipo asamadule kapena kulumikiza pamenepo drive ikuyenda. Asayeze mota ndi megger, choyezera vanishi chija chotulutsa ma volt ambiri, mawaya ali olumikizidwa ku drive. Ndipo akazimitsa adikire mphindi zimene zalembedwa pa chivindikiro, zina 5 zina mpaka 15, kenako ayeze asanagwire. Ma capacitor aja amasunga 560 V magetsi atazima. Ndinaonapo sikuludiraiva itasungunuka nsonga m'manja mwa mnzanga, iye anapulumuka koma tsiku limenelo sanadye nsima.

Mundiuze kutalika kwa waya kuchoka pamene mudzamange drive kukafika pa pampu. Ukatalika kwambiri, kuduladula kwa IGBT kumabweretsa ma volt olumpha kumapeto kwa waya, ndipo mota yomangidwanso kapena ya pansi pa madzi siipirira. Pamenepo pamafunika filter kutsogolo kwa mota.

WaChigayoKuDedza:

Waya ndakayeza ndi mapazi m'mawa uno, kuchoka pa kanyumba ka mita kufika pa pampu ndi mapazi 85, tinene mamita 60 kapena kuposerapo pang'ono. Pampu ndi ya pamtunda, sinapsepo, ndipo chitunda chake si chachikulu, mwina kutalika kwa nyumba ziwiri. Overload ndi relay ndatuma mlamu wanga amene akupita ku Lilongwe Lachisanu. Kalata ija wometa wasayina woyamba, wowotcherera akuti ayambe waganiza.

MmisiriWaKuJoni:

Mamita 60 si oopsa, koma onani buku la drive imene mugule, lililonse limanena malire ake a waya. Ngati n'kotheka mangani kanyumba kouma pafupi ndi pampu, drive ikhale komweko, waya wautaliwo ukhale wobweretsa magetsi ku drive. Polowera mphepo muikepo sefa ya waya, abuluzi amakonda kufunda m'menemo ndipo ndataya ma drive awiri chifukwa cha iwo. Mlamu wanuyo mumuuze ajambule kachitsulo ka contactor asananyamuke, kuti overload akagule yokwanira pomwepo.